Mawu asowera pati? Kulondola vuto mu Voicemeeter ndi mapulogalamu ena ogawa mawu pa kompyuta

Lamlungu lina, kwaya itangoyamba nyimbo yolowera, mkulu wa mpingo anafika pa tebulo lathu kumbuyo kuja foni ili m'manja. "Achimwene, a ku Johannesburg akuti akungoona milomo ikugwedera. Mawu kulibe." Ine mahedifoni anali kumakutu ndipo ndinkamva zonse, mpaka kutsokomola kwa woimba kiyibodi. Timizere tobiriwira pa laputopu tinkadumphadumpha monga mwa masiku onse. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ndinasintha chingwe cha USB, ndinatsala pang'ono kuchotsa pulogalamu yonse ya Voicemeeter. Patapita mphindi ngati 20, mnyamata wa kusekondale amene amatithandiza kunyamula masipika analoza kabatani kamodzi kolembedwa B1 n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi aka sikamayenera kuyaka?" Ndinakadina, ndipo a ku Johannesburg anayamba kumva abusa atafika kale pakati pa malonje.

Palibe chimene chinawonongeka tsiku limenelo. Mawu ankafika m'makutu mwanga koma sankafika kwa anthu, chifukwa ine ndi iwowo tinkamwera ngalande ziwiri zosiyana. Kuchokera pamenepo ndinasiya kufunsa kuti chafa n'chiyani. Ndimafunsa kuti mawu afika pati, nanga asowera pati.

Tiyambe ndi chimene mapulogalamu amenewa amachita. Windows payokha imadziwa ntchito yophweka: pulogalamu iliyonse imatumiza mawu ku sipika kapena ku mahedifoni, ndipo imatenga mawu ku maikolofoni. Ikafika nkhani yoti nyimbo yochokera mu VLC, mawu ochokera ku mikisa ya tchalitchi ndi mlendo amene akuyankhula pa Zoom zisakanizidwe n'kulowa mu OBS Studio, pulogalamu youlutsira kanema pa intaneti, kupita pa Facebook, Windows ilibe njira yachidule. M'pamene pamabwera zingwe zongoyerekeza. Ndi madiraiva (timapulogalamu tolumikiza kompyuta ndi zipangizo) amene amanamiza kompyuta kuti pali sipika ndi maikolofoni zina, chikhalirecho ndi paipi chabe: zimene zalowa mbali ino zimatulukira mbali inayo. Chodziwika kwambiri ndi VB-CABLE cha kampani ya VB-Audio ya Vincent Burel wa ku France. Kampani yomweyo ndiyo imapanga Voicemeeter, mikisa ya mu kompyuta imene ili m'mitundu itatu. Wamba uli ndi malo awiri olumikizirapo zipangizo zenizeni. Banana uli ndi atatu, kuphatikiza awiri a mapulogalamu, ndipo mawu amatulukira pa A1, A2, A3, B1 ndi B2. Potato ndiye wamkulu: asanu a zipangizo, atatu a mapulogalamu.

Amene analimapo m'dimba lothirira amva msanga. Madzi amachoka kumtsinje, amalowa m'ngalande yaikulu, ndipo pa bedi lililonse pali potsegula. Mu Voicemeeter mzere uliwonse woimirira ndi gwero: maikolofoni, mikisa, Zoom, nyimbo. Pa mzerepo pali timabatani A1, A2, B1, B2. Amenewa ndiwo otsegulira madzi. Ma A amapita ku zinthu zogwirika, mahedifoni ndi masipika. Ma B amapita ku mapulogalamu ena monga OBS, Zoom kapena Audacity yojambulira mawu. Kumva mawu m'mahedifoni kumangotsimikiza kuti A1 ndi wotsegula. Za B1 sikukuuzani kalikonse.

Kenaka pali mayina, amene asokoneza anthu ambiri kuposa china chilichonse. Mukatsegula mndandanda wa masipika mu Windows mumapezamo "Voicemeeter Input", ndipo pa mndandanda wa maikolofoni mumapeza "Voicemeeter Output", kapena "Voicemeeter Out B1" m'mitundu yatsopano. Munthu amaganiza kuti anazilemba mozondotsa. Ayi, mayinawo anaperekedwa ndi munthu amene waima m'kati mwa mikisa. Zimene VLC ikutulutsa, kwa mikisa ndi zolowa. Zimene mikisa yatulutsa, kwa Zoom ndi maikolofoni. VB-CABLE nayo n'chimodzimodzi: mumaimbira mu "CABLE Input", mumatapa ku "CABLE Output". Mukaloweza zimenezi, theka la chisokonezo latha.

Kukakhala chete

Vuto la zii ndi lophweka kuposa onse, bola muziyenda kuchokera kumtsinje kupita kumunsi, osadumpha. Yankhulani pa maikolofoni n'kuyang'ana timizere ta mzere wake. Tikugwedera? Ngati ayi, musavutike ndi OBS kapena Facebook, mawu sanalowe n'komwe. Ngati tikugwedera, yang'anani timizere ta B1 kudzanja lamanja. Tikagwedera kumeneko, pitani mu OBS mukaone mita yake. Pamene timizere taleka kugwedera, vuto lili pakati pa pamenepo ndi pomwe munachoka.

Mawu akakanika kulowa, zifukwa zake sizichuluka. Dzina la chipangizo likamaoneka lofiira mu Voicemeeter, ndiye kuti pulogalamu yalephera kuchitsegula. Kawirikawiri n'chifukwa choti chingwe cha USB mwachilowetsa pa bowo lina, ndipo Windows yachitcha dzina latsopano lokhala ndi nambala kutsogolo, "2- USB Audio CODEC" m'malo mwa dzina lakale. Voicemeeter ikufunafunabe lakalelo. Sankhaninso chipangizocho pamndandanda, ndipo zikatheka muzigwiritsa ntchito bowo limodzimodzi nthawi zonse. Nthawi zina pulogalamu ina yachigwira yokha. Windows imalola zimenezi kudzera m'kabokosi ka "Allow applications to take exclusive control of this device". Mulembe mmsys.cpl posakira mu Windows, musankhe chipangizo, Properties, kenaka Advanced, mudzakapeza. Pulogalamu yojambulira nyimbo ikatsegulidwa poyamba n'kuchigwira motero, ena onse amatsala panja.

China chimene chinagwetsa anthu ambiri kuyambira 2018, Windows 10 itakhwimitsa zachinsinsi, ndi chilolezo cha maikolofoni. Pa Settings, Privacy, Microphone pali swichi imene ikazimitsidwa, mapulogalamu sapatsidwa mawu ngakhale chipangizo chikuoneka kuti chilipo. Ndipo musaiwale zapafupi: maikolofoni ya mtundu wa kondensa imafuna magetsi a 48V ochokera ku mikisa kapena ku soundcard, kachipangizo kolowetsa ndi kutulutsa mawu mu kompyuta. Batani limenelo likakhala lozima, mudzafufuza m'mamenyu mpaka dzuwa kulowa.

Mawu a pulogalamu, monga Chrome kapena VLC, akapanda kuoneka pa mzere wake, dziwani kuti pulogalamu iliyonse ikhoza kukhala ndi sipika yakeyake yosiyana ndi imene Windows yonse yasankha. Mu Windows 11 zili pa Volume mixer, mu Windows 10 pa "App volume and device preferences". Komanso Windows ili ndi zosankha ziwiri, Default Device ndi Default Communication Device, ndipo mapulogalamu oimbirana amakonda kutsata yachiwiriyo. Munthu amasintha yoyamba yokha n'kumadabwa kuti mlendo wake akumvekera m'sipika ya laputopu.

Pali kachinthu kena kamene sikakhalitsa chete koma kamatsitsa mawu. Mu mmsys.cpl momwemo muli tsamba la Communications, ndipo mmene Windows imabwerera, ikazindikira kuti mukuimba foni imatsitsa mawu ena onse ndi 80 peresenti. Nyimbo ikamangofooka yokha wina akaimba, sankhani "Do nothing".

Mukasintha zinthu n'kuona kuti sizikumveka kusintha, pa Menu ya Voicemeeter pali "Restart Audio Engine". Imatenga masekondi ochepa. Kuzimitsa kompyuta yonse kusungeni pa nthawi imene mwangoika kapena kuchotsa Voicemeeter, pakuti madiraiva ake sakhazikika popanda kutero.

Kuthetheka, kudukaduka ndi mawu a loboti

Apa ndiye pali ntchito, chifukwa mawu akufika ndithu koma akufika ophwanyika, ndipo timizere tobiriwira sitikuuzani chilichonse. Kuti mumvetse, muyenera kudziwa mmene kompyuta imanyamulira mawu.

Kompyuta siisunga mawu ngati mtsinje woyenda. Imawayeza kambirimbiri pa sekondi n'kusunga manambala. Ma CD amayeza ka 44,100 pa sekondi. Makanema ndi zambiri za masiku ano zimayeza ka 48,000. Manambala amenewa sayenda limodzilimodzi, amayenda m'magulu, ngati anthu otunga madzi amene akupatsirana ndowa pamzere. Ndowa imeneyi ndiyo amati buffer. Ya manambala 512, pa liwiro la 48,000, imatha m'mamilisekondi 10.7. Ndiye kuti pafupifupi ka 94 pa sekondi iliyonse kompyuta iyenera kufikitsa ndowa yodzaza nthawi yake isanadutse. Ikachedwa kamodzi kokha, sipika imapeza ndowa yopanda kanthu, ndipo kampata kameneko ndi kamene mumamva kuti "the!" Ikachedwa kambirimbiri, zimamveka ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Ikamachedwa ndowa iliyonse, munthu amayankhula ngati loboti.

Choyamba kuyang'ana ndi liwiro. Chipangizo chilichonse mu Windows chili ndi liwiro lake pa tsamba la Advanced lija, pa Default Format. Maikolofoni ikakhala pa 44,100, chingwe chongoyerekeza pa 48,000, mahedifoni pa 96,000, ndiye kuti pamalo aliwonse okumanirana pafunika kuwerengetsanso manambala, ndipo si diraiva iliyonse imene imachita bwino zimenezi. Pena sizitembenuzidwa n'komwe. Mawu ojambulidwa pa 44,100 akaimbidwa ngati a 48,000 amathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo abusa amamveka ngati mwana wa sitandade 5. Zikatembenuka, amamveka ngati munthu wogona tulo. Mukamva kusintha kwa kamvekedwe kotere, musafufuzenso kwina. Ikani zonse pa 48,000: chipangizo chilichonse pa mndandanda wa Playback ndi wa Recording, zingwe zongoyerekeza, Voicemeeter pa System Settings, ndi OBS pa Settings, Audio. Ndi ntchito yotopetsa ya mphindi khumi, koma ndaona ikuthetsa mavuto ambiri kuposa njira ina iliyonse.

Tsopano nkhani ya mawotchi, imene ambiri saiganizira. Chipangizo chilichonse cha mawu chili ndi kawotchi kake m'kati, ndipo palibe mawotchi awiri amene amagunda mofanana ndendende. Maikolofoni ya USB ndi soundcard zonse zikhoza kunena kuti zili pa 48,000, chikhalirecho imodzi ikupitirira pang'ono. Tiyerekeze kuti zasiyana ndi gawo limodzi pa magawo 10,000. Ndiye kuti sekondi iliyonse pakutsala manambala pafupifupi 5, ndipo isanakwane mphindi yachiwiri kusiyanako kwadzaza ndowa yonse ya 512. Pulogalamu iyenera kutaya kapena kuwonjezera kanthu kuti zigwirizane. Chizindikiro chake n'chodziwikiratu: zonse zimayamba bwino, kenaka kamabwera kuthetheka pa nthawi zotalikirana mofanana, kapena mawu amayamba kuipa patapita theka la ola n'kukonzeka mukadina Restart Audio Engine.

Mu Voicemeeter, chipangizo chimene mwaika pa A1 ndicho chimayimbira ng'oma onse. Pulogalamu yonse imatsata wotchi yake. N'chifukwa chake pa A1 payenera kukhala chipangizo chanu chodalirika kwambiri, soundcard ya USB yabwino ngati muli nayo, osati sipika ya Bluetooth kapena TV ya pa HDMI imene imazima ikafuna. A1 ikagwa, zonse zimagwa nayo, ngakhale B1 imene ikupita ku Facebook. Ndinaphunzira zimenezi tsiku limene ndinaika mahedifoni a USB otchipa pa A1 n'kuwazula mwangozi ndi mwendo. Ngati n'kotheka, maikolofoni ndi mahedifoni zikhale pa chipangizo chimodzi, wotchi ikhale imodzi.

Posankha chipangizo mudzaona kuti dzina limodzi likubwera katatu kapena kanayi, kutsogolo kuli WDM, KS, MME kapena ASIO. Imeneyi ndi misewu yosiyana yopita kumudzi umodzi. MME ndi wakale zedi, wa 1991, wochedwa koma wosakana katundu. Umene Voicemeeter imautcha WDM umadutsa mu WASAPI, njira imene inabwera ndi Windows Vista, ndipo kwa ambiri ndi poyambira pabwino. KS imapita molunjika ku diraiva. Pa zipangizo zina imayenda bwino, pa zina imakana. ASIO inapangidwa ndi kampani ya Steinberg ya ku Germany, eni ake a Cubase, ndipo imalambalala mikisa ya Windows yonse. Ngati soundcard yanu inabwera ndi diraiva yake ya ASIO, ikani imeneyo pa A1. ASIO4ALL ndi chinthu china: ndi chovala chimene chimavekedwa pa diraiva wamba kuti ioneke ngati ASIO. Imathandiza oimba amene pulogalamu yawo ikufuna ASIO, koma kuisanjika pamodzi ndi Voicemeeter, kwa ine, n'kuwonjezera mkhalapakati pa malonda amene anali kale ndi wina. Maikolofoni ikamathetheka pa WDM, yesani MME. Ikasiya, mwadziwa kuti ndi diraiva, osati chingwe.

Kenaka ndowa ija. Ikakula, kompyuta imapeza mpata wopumira, koma mawu amachedwa. Ya 256 imachedwetsa ndi mamilisekondi 5.3, ya 1024 ndi 21.3, ndipo pa njira yonse pamakhala ndowa zingapo zimene zimaphatikizana. Kuti muone kukula kwake, mawu mu mpweya amayenda mamita pafupifupi atatu ndi theka pa mamilisekondi 10. Woimba gitala amene akudzimvera kudzera mu kompyuta amavutika msanga ndi kuchedwa kumeneku. Koma amene akuonera pa Facebook ali kale m'mbuyo ndi masekondi angapo, ndiye mamilisekondi 20 owonjezera sangawadziwe. Ndimaona anyamata akutsitsa buffer kufika 128 pa laputopu yakale chifukwa anamva kuti yaing'ono ndiyo yabwino, kenaka n'kumadandaula kuti pulogalamu ndi yachabe. Kwezani kufika 1024. Oimba adzimvere ku mikisa yeniyeni, osati ku kompyuta. Mawu akasemphana ndi milomo pa kanema, OBS ili ndi Sync Offset pa Advanced Audio Properties, ndipo kawirikawiri ndi mawu amene amafunika kuchedwetsedwa chifukwa kanema ndiye amachedwa kwambiri.

Zonsezi zili bwino koma kuthetheka kulipobe? Ndiye kuti china chikutsekereza purosesa. Chodabwitsa n'choti Task Manager ikhoza kuonetsa 15 peresenti yokha. Nkhani si kuchuluka kwa ntchito, koma kuti diraiva ina, kawirikawiri ya Wi-Fi, ya kanema kapena yoyang'anira batire, imagwira purosesa kwa timamilisekondi tingapo osaisiya, ndipo ndowa ya mawu imadikira pamzere. Pulogalamu ya LatencyMon imayeza zimenezi n'kutchula dzina la diraiva yochedwetsayo. Musanaifune n'komwe, yesani zapafupi: zimitsani Wi-Fi mulowetse chingwe cha netiweki, zimitsani Bluetooth, ikani Power plan pa High performance, ndipo muletse "USB selective suspend". Laputopu ikachoka pa chaja imachepetsa mphamvu ya purosesa kuti isunge batire, n'chifukwa chake magetsi akazima mawu amayamba kuthetheka ngakhale laputopu sinazime. Kutentha nakonso kumachita zomwezo. M'mwezi wa Okutobala, m'tchalitchi cha malata, laputopu yoikidwa pa nsalu ya tebulo imatsekeka mpweya n'kudzichedwetsa yokha. Ikwezeni pa mabuku awiri.

Anthu ambiri amalangizana zopita ku Task Manager n'kukweza Priority ya audiodg.exe, kapulogalamu ka Windows kosakaniza mawu, ndi kukamangirira pa core imodzi. Pa makina ena zimathandizadi. Koma zimafufutika mukayatsanso kompyuta, ndipo ine ndimaziika kumapeto, liwiro, A1 ndi buffer zitayesedwa kale.

Mawu obwerera

Mlendo wa pa Zoom akati akudzimva yekha, musamuuze kuti netiweki yake ndi yoipa. Inu ndi amene mukumubwezera mawu ake. Mawu a mlendo amalowa pa mzere wa Zoom mu Voicemeeter. Ngati pa mzere umenewo mwayatsa B1, ndipo B1 yomweyo ndi imene Zoom ikutenga ngati maikolofoni, mwapanga bwalo. A wailesi anathana nazo kalekale ndi njira imene amati mix-minus: mlendo alandire zonse kupatula mawu ake. Pa Banana zimatheka mosavuta chifukwa pali ma B awiri. B1 ipite ku OBS ndipo inyamule zonse. B2 ipite ku Zoom ndipo inyamule zonse kupatula mzere wa Zoom. Kabatani kamodzi kozima, nkhani yatha.

Pali kubwerera kwina kumene sikumveka ngati kubwereza koma ngati munthu akuyankhulira m'chitini kapena m'mgolo. Kumeneko ndi mawu amodzi amene alowa kawiri motalikirana ndi timamilisekondi tochepa, ndipo mbali zina za mawuwo zikufafanizana. Mu OBS zimachitika motere: Desktop Audio ikutenga zimene kompyuta ikuimba, Mic/Aux ikutenga B1 imene ili kale ndi zomwezo, kamera nayo ili ndi kamaikolofoni kake kamene palibe anakatseka. Mukamagwiritsa ntchito Voicemeeter, mu OBS musiye gwero limodzi lokha la mawu, ena onse akhale Disabled. Yang'ananinso "Listen to this device" mu Windows ndi Audio Monitoring mu OBS, pakuti zonsezi zimatha kubweza mawu kumene anachokera.

Kubwereza kukamabwera patapita masekondi angapo n'kumazimiririka pang'onopang'ono, yang'anani m'chipindamo. Pali munthu amene watsegula pulogalamu yanu pa foni kuti aone ngati ikuyenda, ndipo maikolofoni ikumutapa. Kawirikawiri amakhala munthu woti simungamudzudzule mokweza.

Za Zoom ndiwonjezepo chimodzi. Inapangidwira kuyankhulana, ndiye imaona kiyibodi ndi ng'oma ngati phokoso n'kumazifafaniza. Kwaya imamveka ngati ikumira n'kuvuuka. Yatsani "Original sound for musicians", Voicemeeter musaikhudze.

Zimene pulogalamu singakonze

Kung'ung'udza kwapansipansi kosalekeza sikuchokera m'mamenyu. Magetsi a kuno ndi a 50 Hz, ndipo laputopu ndi mikisa zikalumikizidwa ku masoketi osiyana kwinaku zitagwirana ndi chingwe cha mawu, kamagetsi kochepa kamayenda m'chingwecho n'kumveka. Kuyesa kwake n'kwa masekondi awiri: zulani chaja ya laputopu. Phokoso likatha, mwapeza. Lumikizani zonse ku ekisitenshoni imodzi, kapena ikani DI box kapena ground loop isolator, tizipangizo totsekereza kamagetsi kameneko, pakati pa mikisa ndi kompyuta. Musathyole mwendo wa earth pa pulagi monga ena amachitira. Phokoso limathadi, koma tsiku limene waya adzagunde chitsulo, wogwira maikolofoni ndi amene adzadziwe. Chaja zosakhala zenizeni zimabweretsanso kulira kwina kosongoka, ndipo pa jenereta zimakula.

Mawu osweka pamene munthu wakweza, koma abwino akamayankhula pansipansi, ndiye kuti adzadza mopitirira. Mu kompyuta muli denga, 0 dB, ndipo chimene chagunda dengalo chimadulidwa mutu. Chofala ndi kutenga chingwe ku Main Out ya mikisa n'kuchilowetsa pa kabowo ka maikolofoni ka laputopu, kamene kanapangidwira mawu ofooka kwambiri. Kutsitsa fader, kokwezera ndi kutsitsira mawu, mu Voicemeeter kumangochepetsa mawu osweka kale. Tsitsani ku gwero, mulole timizere tizisewera cha m'ma -12, ndipo mukapeza ndalama gulani soundcard ya USB yokhala ndi Line In.

Mahedifoni a Bluetooth ali ndi khalidwe lawolawo. Pomvera nyimbo amamveka bwino, koma pulogalamu ikangotsegula maikolofoni yawo amasinthira ku njira ya mafoni, ya mawu amodzimodzi kumakutu onse awiri, yoyeza ka 8,000 kapena 16,000 pa sekondi, ndipo zonse zimamveka ngati wailesi ya batire zofooka. Ndi mmene Bluetooth wamba inapangidwira. Gwiritsani ntchito maikolofoni ina, kapena chingwe.

Amene ali pa Mac kapena Linux asaganize kuti izi si zawo. Mayina okha ndiwo amasintha. Pa Mac chingwe chongoyerekeza ndi BlackHole kapena Loopback, ndipo mukaphatikiza zipangizo mu Audio MIDI Setup pali kabokosi ka Drift Correction, kamene ndi nkhani ya mawotchi yomwe ija: mumakayatsa pa zipangizo zonse kupatula chimene chikutsogolera. Pa Linux, PipeWire inalowa m'malo mwa PulseAudio kuyambira pa Fedora 34 mu 2021 ndi Ubuntu 22.10, ndipo ndi qpwgraph mumaona zingwe zonse zitajambulidwa pa sikirini. Ndowa yochedwa kumeneko amaitcha xrun, ndipo amaiwerenga n'kukuonetsani nambala, chinthu chimene ndimachisirira ndikakhala pa Windows.

Mukasokonezeka kwenikweni, chotsani mkhalapakati. Tsekani Voicemeeter, sankhani soundcard mwachindunji mu OBS kapena Audacity, jambulani mphindi zisanu. Zikamveka zoyera, vuto lili m'kagawidwe. Zikathethekabe, ndi chipangizo, chingwe kapena diraiva. Pobwezera, muzisintha chinthu chimodzi n'kumvetsera musanakhudze china, apo ayi zikakonzeka simudzadziwa chimene chakonza. Ena poyesa chonchi amazindikira kuti Voicemeeter sankaifuna n'komwe. Ngati zonse zikuchokera ku mikisa imodzi kupita ku OBS, popanda mlendo wa pa Zoom, ichotseni.

Ife tinaisunga chifukwa cha a ku Johannesburg aja, amene nthawi zina amapereka moni ku mpingo. Zonse zitakhazikika ndinadina Save Settings n'kusunga kafayilo kake pa flash, ndinajambula sikirini ndi foni, ndipo pa bowo la USB la kumanzere tinamatapo kapepala kolembedwa "mikisa". Loweruka madzulo, kwaya ikamaphunzira nyimbo, timajambula mphindi khumi kuchokera mu OBS, osati m'mahedifoni, ndipo mnyamata uja amatuluka nazo panja pa mtengo wa mango kukamvetsera pa foni yake.